Njinga zamoto za 650 cc pa misewu ya Harare: chimene chinandikokera ku Suzuki SV650

Kwa zaka zisanu ndinkayenda pa kanjinga ka 150 cc kuchokera kwathu ku Mabvuku kupita kuntchito ku Graniteside, ndipo kanandisunga bwino mpaka tsiku limene ndinakatenga pa ulendo wa ku Mutare. Pa chitunda chilichonse cha pakati pa Marondera ndi Rusape kankalira ngati mbuzi yomangidwa, magalimoto onyamula katundu akundipumira m'khosi, moti ndinafika ku Christmas Pass manja atachita dzanzi. Pobwerera ndinali nditatsimikiza mtima kugula njinga yokulirapo, koma osati chilombo cha 1,000 cc chimene munthu sangachitsegule mokwanira pena paliponse m'dziko muno. Ndinkafuna njinga ya pakati, ya injini ya 650 mpaka 700 cc, ya mtundu umene opanga amautcha naked chifukwa injini yake ili poyera, yosavekedwa mapulasitiki ngati njinga za mpikisano. Ubwino woyamba wa mtundu umenewu kuno ndi wosavuta kuumvetsa: njinga ikagwa, monga zonse zimagwa tsiku lina, palibe mapulasitiki odula oti muwadikirire miyezi iwiri kuchokera ku Johannesburg.

Ndinakwerapo zinayi, zonse zogwirapo kale ntchito ndipo zonse zolowa kuchokera ku South Africa kudzera pa malire a Beitbridge. Yamaha MT-07 ndi ya alamu anga, Honda CB650R ndi Kawasaki Z650 ndi za anzathu amene timakwera nawo Lamlungu, ndipo Suzuki SV650 ndinaipeza kwa wogulitsa wina ku Msasa.

Musanakhulupirire manambala a m'mabuku a opanga, kumbukirani kuti Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,490 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu yake pa mamita 300 alionse okwera, kutanthauza kuti njinga yolembedwa 74 hp (horsepower, muyezo wa mphamvu ya injini) ikafika pa Samora Machel Avenue imakhala itatsala ndi 63 kapena chapomwepo. Zimenezi zimakhudza njinga zonse mofanana, koma zimamveka kwambiri pa injini imene mphamvu yake imabisala kumtunda kwa ma rev, ndiko kuti maulendo amene injini imazungulira pa mphindi.

MT-07 ndiyo imene inatsala pang'ono kundilanda ndalama. Yamaha anaitulutsa mu 2014 ndi injini ya masilinda awiri ya 689 cc, imene mapisitoni ake amaphulika motalikirana mosafanana chifukwa crank yake ndi ya madigiri 270, ndipo n'chifukwa chake imalira mokhuthala ngati ng'oma osati ngati makina osokera. Ya alamu anga ndi ya 2018, yolemera makilogalamu pafupifupi 182 mafuta ali odzaza, ndipo imakoka 68 Nm (muyezo wa mphamvu yokoka) injini ikuzungulira 6,500 pa mphindi. Pa msewu izi zikutanthauza kuti maloboti akangoyaka obiriwira, inu mwachoka kale makombi asanayambe n'komwe kulimbirana mpata. Ndinaikwera kuchokera ku Tafara kudzera Arcturus Road, kudutsa pafupi ndi bwalo la mpikisano la Donnybrook, ndipo pa giya yachiwiri tayala lakutsogolo linapepuka ndisanafune. Nditabwerako alamu anandiyang'ana nkhope n'kuseka.

“Alamu, mwaona? Imeneyi siifuna munthu wokwiya,” anatero. “Mukakangana ndi akazi anu m'mawa, kwerani kombi.”

Ndinawayankha kuti mlongo wawo sakangana ndi munthu, koma mawu awo anali ndi nzeru. MT-07 imasangalatsa kuposa zinzake zonse, ndipo mavalavu ake amafuna kuyezedwa pa makilomita 40,000 okha, chinthu chimene chimapulumutsa ndalama zambiri. Chofooka chake chodziwika ndi mashoko. A zaka zoyambirira anali ofewa kwambiri moti Yamaha anawalimbitsako mu 2018, komabe ngakhale atsopanowo amadumphadumpha mukalowa pa ngodya ya msewu wa zigamba muli pa liwiro. Pa phula losalala simungadandaule. Funso n'lakuti phula losalala mumalipeza kangati pakati pa Mabvuku ndi m'tauni.

Honda CB650R ndiyo yokongola koposa, ndipo sindikuganiza kuti pali amene angatsutse. Mapaipi ake anayi a utsi amatsika pamodzi mopindikira kudzanja lamanja monga pa CB400 Four ya m'ma 1970, ndipo ana a mumsewu mwathu anaizungulira tsiku limene mnzathuyo anabwera nayo. Injini yake ya masilinda anayi imapereka pafupifupi 95 hp, koma mphamvuyo imafika pa 12,000 rev, pamene mu mzinda simudutsa 6,000 pokhapokha mukufuna kucheza ndi apolisi. Pansi pa malire amenewo ndi njinga yofatsa, yosalala ngati mafuta, koma yaulesi poyerekeza ndi MT-07, ndipo apa ndi pamene kupepuka kwa mpweya wa Harare kumamvekera. Imalemeranso kupitirira makilogalamu 200. Onjezani mapulagi anayi ndi mavalavu 16 pa tsiku la sevisi yaikulu, komanso mapaipi okongola aja ali panjira ya mwala uliwonse umene tayala lakutsogolo lingaponye, ndipo muona chifukwa chake ndinaisirira n'kuibweza kwa mwini wake. Kwa munthu amene Loweruka lililonse amapita ku Nyanga kapena ku Vumba, ndipo thumba lake silitsokomola, ndi njinga yabwino zedi.

Pa Kawasaki Z650 ndilibe zambiri zonena. Inalowa m'malo mwa ER-6n mu 2017, ndi yopyapyala, klatchi yake ndi yofewa, ndipo munthu wamfupi angaikonde msanga. Mphamvu yake ya 68 hp ndi yokwanira, koma injini yake imanjenjemera m'mapazi ikathamanga, ndipo mimba yake ili mamilimita 130 okha kuchokera pansi, zimene zinandipangitsa kudutsa mahampu a m'malokesheni mtima uli m'mwamba. Triumph Trident 660 ya masilinda atatu, imene inayamba kugulitsidwa mu 2021, sindinaiike n'komwe pa mndandanda ngakhale kuti sevisi yake imabwera pa makilomita 16,000, chifukwa njinga yodzaza ndi zamakompyuta imafuna makaniko wokhala ndi makina oiwerengera, ndipo amene amandikonzera ine ali ndi masipanala ndi makutu basi.

Tsopano ku imene ndinagula. SV650 si njinga yoti anthu atembenuke nayo khosi, ndipo pa zinayizi ndi imene imaoneka yachikale. Injini yake ya 645 cc, ya masilinda awiri oima ngati chilembo V pa madigiri 90, inayamba mu 1999, ndipo ngakhale Suzuki akhala akuikonzakonza, mafupa ake ndi omwewo. Injini yomweyo ili mu V-Strom 650, njinga imene apaulendo ambiri amadutsa nayo m'mayiko a kum'mwera kwa Africa kuno, choncho mafyuluta, mapulagi ndi zina zing'onozing'ono sizisowa ku South Africa, ndipo amakaniko akale anaitsegulapo. Mtundu wamakonowu unabwera mu 2016. Yanga ndi ya 2019, chaka chimene mabuleki akutsogolo anasinthidwa n'kukhala a mapisitoni anayi, ndipo ngati mukusankha pakati pa ya 2018 ndi ya 2019, kusiyana kumeneku n'koyenera kukulipirira.

Chimene chinandigwira mtima ndi chishalo. Chili pa mamilimita 785, pamene cha MT-07 chili pa 805 ndipo cha CB650R pa 810. Masentimita awiri amaoneka ngati nkhani yachabe mpaka tsiku limene kombi yaima mwadzidzidzi patsogolo panu pa Mbare, kondakitala ali lende pa chitseko, inu n'kutsitsa phazi pa mchenga wa m'mphepete mwa msewu. Ine si wamtali, ndipo pa SV650 mapazi onse awiri amaponda pansi kwathunthu. Njingayi imalemera pafupifupi makilogalamu 198, kuposa MT-07 ndi thumba la ufa lalikulu ndithu, ndipo kulemerako kumamveka poikankha kulowa nayo pa geti madzulo. Ikayamba kuyenda kulemera komweko kumasanduka bata, chifukwa siigwedezeka wamba pa zigamba za phula. Ili ndi kachipangizo kamene Suzuki amakatcha Low RPM Assist, kokweza injini pang'ono pamene mukusiya klatchi kuti isazime, ndipo mu mndandanda wa magalimoto wa pa Seke Road nthawi yoweruka, kamagwira ntchito yake mwakachetechete. Kupatula ABS, yoletsa matayala kukhwekhwereza pomanga mabuleki, ilibe zambiri zamagetsi zoti zingafe.

Matayala nawo analowa m'masamu anga. Zonse zinayi zimavala 120/70 kutsogolo pa mawilo a mainchesi 17, koma kumbuyo MT-07 ndi CB650R zimafuna 180/55 pamene SV650 ndi Z650 zimavala 160/60, limene nthawi zambiri limatsikirako mtengo. Kwa munthu woyenda tsiku ndi tsiku, amene tayala lakumbuyo limamuthera chaka chisanathe, madola amenewo amawerengeka.

Zofooka zilipo ndipo sindizibisa. Mavalavu amayezedwa pa makilomita 24,000, pafupifupi kawiri pamene mwini MT-07 wayeza kamodzi, ndipo popeza masilinda ndi otalikirana, makaniko amatsegula mitu iwiri. Chishalo chomwe ndachiyamikiracho ndi chopyapyala, moti pakatha maola awiri matako amayamba kudandaula. Fyuluta ya oyilo ndi paipi ya silinda yakutsogolo zili pansi penipeni kuseri kwa tayala, poyera, ndipo mimba ili mamilimita 135 okha. Palibe njinga ya mtundu umenewu imene inapangidwira maenje, ndipo ndinaphunzira zimenezi mu Januwale, mvula itagwa usiku wonse. Dzenje limene ndinkalidziwa bwino linali litabisala pansi pa madzi ofiira, ndinalimenya ndili pa makilomita 50 pa ola, ndipo limu lakutsogolo linapindika m'mphepete ngati chivundikiro cha poto. Sindinagwe, koma mpweya unatha ndisanafike pa maloboti otsatira.

A makaniko anga, bambo wachikulire amene makolo ake anachokera ku Dedza, analizunguza limulo pa chitsulo, akuliyang'ana ndi diso limodzi.

“Mwana wanga, ili tiwongola, koma kachiwiri silidzalola,” anatero. “Madzi ukawaona pa msewu uziyesa chitsime. Ndipo mabuleki awa unagula kuti?”

“Pa shopu ina m'tauni, bambo. Anati ndi enieni.”

Anachotsa kamodzi n'kukapala ndi chikhadabo, ndipo kananyenyeka ngati chigumu. Bokosi linali ndi zilembo zonse zoyenera, koma zam'katimo zinali zachinyengo. Kuyambira pamenepo mabuleki, tcheni ndi masiproketi ndimaitanitsa kudzera mwa munthu wodalirika amene amapita ku Johannesburg, ndipo ndimagula zisanathe zimene zili pa njinga.

Nkhani ya petulo ikukhudza zinayi zonse. Petulo wa m'Zimbabwe amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Chisumbanje ndi ku Triangle, ndipo muyezo wake umasinthasintha, nthawi zina mpaka kufika 20 peresenti, pamene mabuku a Yamaha ndi Suzuki amalola 10 peresenti. Ethanol amakoka chinyezi, ndiye njinga yoima milungu yambiri thanki ili theka imayamba dzimbiri m'kati. Pogula yogwirapo kale ntchito, tsegulani thanki ndi kuunikamo ndi tochi musanayambe n'komwe kukambirana mtengo. Ya ku Msasa ija inali yoyera m'kati, ndipo chimenecho chinandilimbitsa mtima kuposa mawu onse a wogulitsa.

Pa mapepala musachite manyazi kufunsa. Onani umboni wakuti msonkho wa ZIMRA, bungwe lotolera misonkho, unalipidwa pa malire, onani chikalata cha apolisi cha SARPCCO chotsimikiza kuti njingayo sinabedwe kumene yachokera, ndipo yerekezani nokha nambala ya pa felemu ndi ya pa injini ndi zimene zalembedwa m'buku. Wogulitsa amene akuti mapepala abwera mawa, musiyeni adikire mawalo ali ndi njinga yake. Layisensi ya galimoto musaiyese yokwanira: ya njinga yamoto, imene ambiri timaitchabe Class 3, imayesedwa payokha ku VID, nthambi ya boma yoyesa oyendetsa, ndipo ZINARA, bungwe loona za misewu, ndi inshulansi nazonso zimafuna gawo lawo.

Mwezi wa Meyi ndinabwereza ulendo wa ku Mutare, makilomita oposa 260, pa SV650. Zitunda zimene zinkaliza kanjinga kaja ndinazikwera pa giya yachisanu ndi chimodzi osasintha, ndipo magalimoto akuluakulu ndinkawapitirira pa mpata waufupi popanda kupemphera. Thanki ya malita pafupifupi 14 inandifikitsa, ngakhale kuti kanyali ka mafuta kanali katayamba kuphethira ndisanatsike Christmas Pass. Vuto la njinga yosavala linaonekera pa makilomita 120 pa ola, pamene mphepo imakankha chifuwa ndi kukoka chisoti mosalekeza, moti pofika ku Rusape khosi linali litauma ndipo ndinaima kumwa tiyi. Ndaitanitsa kagalasi kakang'ono kotchinga mphepo ndi chitsulo choteteza pansi pa injini, chifukwa mu Ogasiti ine ndi alamu tikufuna kudutsa pa Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, n'kukalowa kumudzi kudzera pa Mwanza. Iwo akuti adzandidikira pa malire alionse ndi MT-07 yawo. Ndawauza kuti atenge khadi la foni la ku Mozambique, kuti adzathe kundiimbira mashoko akadzawatopetsa.