Katondo wa Chipata pa malaya oyera: ufa wodula, jiki, kapena sopo ndi mandimu?

Chiyambireni mvula, anzanga a ku Kapata ndi ku Mchini kuno ku Chipata akhala akundifunsa kuti ndi mankhwala ati amene amachotsadi mabanga pa zovala, makamaka pa malaya oyera a ana a sukulu ndi pa mabulauzi a amayi a chigwirizano. Ndaona kuti ndi bwino ndiyankhe kamodzi poyerekeza zimene zimapezeka m'nyumba zathu, zomwe ndi ufa wochotsa mabanga wa m'mashopu akuluakulu, jiki, sopo wa mtanda pamodzi ndi phala lochapira longa Boom, ndiponso mandimu ndi mchere. Za fungo ndi kuchuluka kwa thovu sindinenapo, pakuti thovu si limene limachotsa banga.

Ndiyambe ndi ufa uja, chifukwa ndi umene unandipweteka mtima. Ndinagula kachitini kake pa mtengo umene ukanandigulira mitanda ingapo ya sopo, nditakopeka ndi chithunzi cha malaya oyera mbee ndi lonjezo lakuti suwononga mtundu wa nsalu. Lonjezo limeneli ndi loona, pakuti chitenje changa sichinasuluke. Koma chimene anachibisa m'timalemba ting'onoting'ono ta kumbuyo n'chakuti ufawu umafuna madzi ofunda. Mphamvu yake imachokera ku mankhwala otchedwa sodium percarbonate, amene akasungunuka amatulutsa mankhwala oyeretsa a hydrogen peroxide, ndipo ntchitoyi imayenda bwino madzi akafika pa madigiri 40 mpaka 60. M'madzi ozizira ongotunga pamjigo, ufa wambiri umangokhala pansi pa beseni ngati mchenga, ndipo chovala chimatuluka monga chinalowera.

Choncho mtengo weniweni wa ufawu si umene mumalipira pa kauntala. Magetsi akazima, monga tinazolowera kuyambira chilala cha 2024 chimene chinachepetsa madzi ku Kariba, ndiye kuti muyatse mbaula, ndipo makala otenthetsera madzi ochapira amachoka m'thumba lomwelo la makala ophikira nsima ndi nyemba. Komanso madzi amene mwasungunuliramo ufa simungawasungire mawa, chifukwa mphamvu yake imatha pakapita maola ochepa, kotero kuti kuchapa kulikonse kumafuna ufa watsopano ndi moto watsopano. Ndikuvomereza kuti mukautsatira bwino umachotsa tiyi, msuzi wa matimati ndi litsiro la thukuta la m'kolala, ndipo pa zovala za mitundu umachita zimenezo popanda kuziwononga. Koma ine sindinaugulire tiyi.

Mdani wathu weniweni kuno ndi katondo. Kuyambira November mpaka April, mwana amene wayenda pansi kapena kukwera njinga kupita ku sukulu amabwera masokosi ndi kumsana kwa malaya zili psuu, ndipo amene anapitako ku Mtenguleni pa Nc'wala mvula itagwa akudziwa mmene mipendero ya zovala imabwererako. Kufiira kwa dothi limeneli kumachokera ku chitsulo, chomwecho chimene chimapanga dzimbiri pa malata, ndipo timbewu take ndi tosalala kwambiri moti timalowa pakati pa ulusi wa nsalu. Ufa uja ndi jiki zimagwira ntchito mofanana, zimawononga mtundu wa chakudya, wa chipatso kapena wa thukuta kuti usaonekenso, koma dzimbiri si mtundu wotero ndipo sizilisungunula. Ndinaviika masokosi a mwana wanga mu ufa ndi madzi ofunda monga analembera, ndipo kuchidendene ndi kuzala kunatsala kofiirira ndithu.

Pa katondo jiki ndiye woipitsitsa, chifukwa amakhazikitsa chitsulocho mu nsalu, banga lofiira n'kusanduka lachikasu losachoka. Kumene madzi a pachitsime kapena pamjigo ali ndi chitsulo chambiri, amene mumawadziwa ndi mzere wofiirira umene amasiya m'chidebe akagona, kuthiramo jiki kumathimbiritsa malaya onse, ngakhale pamene panalibe banga.

Chimene chimagonjetsa katondo ndi ntchito ya manja ndi zinthu zotchipa. Matope asiyeni aume kaye, kenako muwakutumule kapena kuwapala ndi burashi, chifukwa mukawapikisa ali onyowa mumawalowetsa mkati mwa ulusi. Mutembenuze chovala, muthire madzi ozizira kuchokera kumbuyo kwa banga kuti dothi litulukire kumene linalowera, ndipo mupake sopo wa mtanda mpaka pamalopo patayera ndi sopo. Muchiviike m'madzi a phala lochapira kwa ola limodzi kapena awiri, kenako mukweche ndi mswachi wakale, mukumasintha madzi akafiira. Kufiira kukatsalabe, mufinyire ndimu pamalopo, muwazepo mchere, muyanike padzuwa, ndipo mutsukuluze bwino pakauma. Asidi wa m'ndimu ndi amene amasungunula chitsulo, n'chifukwa chake njira yomweyi imachotsanso dzimbiri la waya woyanikira ndi la mapini. Pa nsalu ya mitundu yesani kaye ndimu mkati mwa mpendero, pakuti ina imasuluka. Ndipo musasite chovala banga lisanathe. Tonse timasita zovala za ana nthawi ya mvula poopa mphutsi zimene ntchentche imaikira mazira ake pa nsalu yonyowa, koma kutentha kwa nsimbi kumaumitsiratu banga lililonse, choncho liyang'aneni padzuwa musanaike makala m'nsimbi.

Jiki ali ndi malo ake ndipo sindingamuchotse m'nyumba. Pa matawulo, nsalu za pabedi ndi matewera a thonje loyera amayeretsa ndi kupha majeremusi m'madzi ozizira, popanda makala, ndipo botolo limodzi limakhalitsa chifukwa pamafunika pang'ono m'ndowa yodzaza. Malire ake ndi ochuluka. Malaya ambiri a sukulu ndi a ku salaula ali ndi polyester, amene jiki amatha kumusandutsa wachikasu, lasitiki wa m'masokosi amafa, ubweya umadyeka, ndipo dontho limodzi pa chitenje limasiya banga loyera mpaka kale. Chachikulu ndikupempheni, amayi anzanga, n'chakuti musasakanize jiki ndi viniga, mandimu kapena mankhwala otsukira chimbudzi, chifukwa pamatuluka mpweya wa poizoni umene umawononga mapapo, makamaka m'bafa lotseka. Matewera muziwatsukuluza kaye mkodzo uthe musanawaike mu jiki, ndipo musamusunge m'botolo la chakumwa pamene mwana angafikire.

Mabanga ena safuna mkangano. Mafuta ophikira amachoka ndi sopo wamadzi wotsukira mbale mukapaka pa nsalu youma. Magazi amafuna madzi ozizira ndi sopo msangamsanga, pakuti madzi otentha amawaphika n'kuwamatiza, ndipo akakhalitsa hydrogen peroxide wa 3 peresenti wa ku famase amathandiza pa zoyera. Inki ya bolopeni imasungunuka ndi spiriti, mutaika kansalu pansi pake kuti isafalikire. Pa tiyi pokha ndi pamene sopo wa mtanda amandikhumudwitsa, chifukwa amatha kukhazikitsa bangalo, ndiye pamenepo yambani ndi madzi ndi phala lochapira. Utomoni wa nthochi ukauma, pa zonse ndatchulazi palibe chimene chinandichotsera.

Kwa banja la kuno ku Chipata limene likuchapa mayunifomu sabata iliyonse, ndalama yanga ndimaiika pa sopo wa mtanda, phala lochapira ndi mandimu a pamsika, ndi kabotolo ka jiki ka matawulo ndi matewera okha. Ufa uja ndingaulangize kwa amene ali ndi madzi otentha okhazikika ndi zovala za mitundu zodula zimene zathirikira chakudya. Kachitini kanga kakatha sindidzagulanso kena.