Katungwe wa owotcherera a ku Luwinga: ndi wabwino, koma yang'anani paipi

Masukulu ambiri a pulayimale muno mu Mzuzu akafuna katungwe amapita kwa owotcherera zitsulo a ku Luwinga, chifukwa wochokera kunja ndi wokwera mtengo. Amene amakonda kupangidwa ndi wa mipando iwiri, wa miyendo yotangadza mbali zonse, ndipo mtanda wake umakhala pa mamita 2.2 kuchoka pansi. Kwa ana a Sitandade 1 mpaka 5 msinkhu umenewu ndi wokwanira.

Pamene pagona nkhani ndi pa paipi. Pemphani ya mamilimita 50 m'mimba mwake, yochindikala mamilimita 3. Mukanenerera mtengo kwambiri, mmisiri amaika ya mamilimita 1.6, ndipo akaipaka penti simungasiyanitse. Igogodeni ndi sipanala musanalipire: yopyapyala imalira ngati chitini. Kuno mvula imafika mpaka Epulo kapena Meyi, kenako mawawa ndi chifunga cha mu Juni, choncho dzimbiri limayambira m'mowotcherera ndiponso m'munsi mwa miyendo, pamene chitsulo chakumana ndi dothi. Mmisiri apake kaye penti woteteza dzimbiri wa red oxide, kenako penti wamafuta pamwamba kawiri, ndipo kukamwa kwa paipi atseke kuti madzi asalowe.

Chofooka chachikulu cha katungweyu chili m'mwamba. Ambiri amangowotcherera mphete n'kukolowekapo tcheni, chitsulo kumadyana ndi chitsulo chinzake. Tcheni chimaperepeseka pang'onopang'ono, ndipo poti pali pamwamba palibe amene amaona mpaka chiduke mwana ali m'malere. Onjezerani ndalama aike mabering'i, apo ayi bawuti yomasula yoti muzipaka girisi ndi kuisintha ikatha. Tcheni chikhale cha mamilimita 6, cha mabowo aang'ono osalowa chala.

Mpando wa thabwa la paini wa ku Chikangawa ukaneni. Umawola msanga, komanso ukamenya mwana wodutsa kutsogolo umang'amba chipumi. Chidutswa cha tayala ndiye chabwino. Ngati ndi tayala lathunthu, libowoleni pansi kuti lisasunge madzi oswerana udzudzu.

Kuzika nthawi zambiri sikukhala pa mtengo womwe mwagwirizana, funsiranitu. Mwendo uliwonse ulowe masentimita 60 m'konkire ya muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya kwale, ndipo ana asakwerepo mpaka patadutsa sabata. Katondo wa ku Chibavi kapena Mchengautuwa amaterera akanyowa, akauma n'kulimba gwa, ndiye thirani mchenga wa masentimita 30 pansi pake, ndipo mamita 4.5 kutsogolo ndi kumbuyo pasakhale mtengo, ngalande kapena njira yopita kuchimbudzi.

Aphunzitsi angapindule naye kuposa pa buleki pokha. Pa tcheni cha mamita 1.8, kupita ndi kubwera kakhumi kumatenga masekondi pafupifupi 27, kaya wakwera ndi wonenepa kaya wowonda. Ana amatsutsa mpaka atayesa okha ndi wotchi. Mukafupikitsa tcheni cha mpando umodzi, amaona kuti ukuthamanga kuposa unzake. A Sitandade 1 amangowerenga mokweza mpaka 20, wina n'kulowa, ndipo mikangano pamzere imachepa.

Mipando iwiri siingakwanire sukulu yonse. Ngati ndalama za komiti zili zochepa, gulani katungwe mmodzi wa paipi yochindikala, zotsalazo mugulire zingwe zodumpha ndi kujambula phada ndi fulaye pabwalo.