Wesleyan, Harvard ndi California: Adalankhula Bwanji kwa Ophunzira Opanda Mapepala?

Donald Trump atapambana chisankho mu Novembala 2016, ophunzira a m'mayunivesite a ku America opanda mapepala owaloleza kukhala m'dzikomo adagwidwa nthumanzi, makamaka amene ankadalira DACA, ndondomeko ya mu 2012 yoimitsa kuthamangitsidwa kwa anthu amene adalowa m'dzikomo ali ana. Akuluakulu a mayunivesite sadayankhe mofanana, ndipo kusiyanako kumathandiza wophunzira kapena kholo kudziwa kalata ya mkulu wa yunivesite yoyenera kuidalira.

Michael Roth, mkulu wa yunivesite ya Wesleyan, adalengeza kuti sukulu yake ndi malo othawirako, monganso adachitira atsogoleri a Reed College ndi Portland State. Mawu oterewa amakhazika mtima pansi, ndipo mtsikana amene wachezera usiku wonse akuyang'ana foni kuti amve ngati amayi ake afika bwino kunyumba amadziwa kuti wina waima naye. Komabe dzinali mulibe m'malamulo, kotero kuti a ICE, nthambi ya boma yogwira ndi kuthamangitsa anthu opanda mapepala, akabwera ndi chikalata chosainidwa ndi woweruza, sukulu singawatsekere chipata.

Drew Faust, yemwe panthawiyo anali mkulu wa Harvard, adakana dzinalo ponena kuti lilibe mphamvu pa malamulo, ndiponso lingachititse boma kuika maso pa ophunzira omwe akufunika chitetezowo. Mfundo yake inali yoona, koma kwa munthu wamantha, uthenga woyamba ndi kukana umamveka ngati kusamba m'manja, ngakhale pambuyo pake patabwera malonjezo abwino.

Kwa ine, amene adalankhula zogwirika ndi Janet Napolitano, mkulu wa University of California panthawiyo, yemwenso adakhazikitsa DACA ali nduna m'boma la Barack Obama. Iye sadalimbane ndi dzina, koma adatchula zochita: apolisi a yunivesite sadzathandiza kusaka ophunzira opanda mapepala, ndipo mbiri ya wophunzira sidzaperekedwa popanda lamulo la khoti. Yunivesiteyo inalinso ndi maloya othandiza ophunzirawa kwaulere. Boma litalengeza kuthetsa DACA mu Seputembala 2017, Napolitano ndi yunivesiteyo adalitengera kukhoti, ndipo mu Juni 2020 Khoti Lalikulu lidagamula, oweruza 5 kwa 4, kuti boma silidatsate njira yoyenera pothetsa ndondomekoyo.

Mu Januwale 2025 boma lidachotsa ndondomeko yakale yoletsa a ICE kugwira anthu m'sukulu. Kuyambira pamenepo, wophunzira akalandira kalata ya mkulu wa yunivesite, ayenera kufufuzamo dzina la ofesi ya loya, nambala yoimba a ICE akagogoda pakhomo la hositelo, ndi zipinda zimene wapolisi sangalowemo popanda chikalata cha woweruza.