Tunnel Broker ya Hurricane Electric: IPv6 yaulere, koma si aliyense angayigwiritse

IPv6, mtundu watsopano wa ma adiresi a pa intaneti, inakhazikitsidwa kalekale mu 1998, ndipo ma adiresi akale a IPv4 anatha ku IANA, bungwe logawa ma adiresi padziko lonse, mu February 2011, komabe makampani ambiri ogulitsa intaneti akupatsabe makasitomala IPv4 yokhayokha. Kuno ku Africa, kuyambira January 2020 AFRINIC, bungwe logawa ma adiresiwa, sipereka zoposa /22 pa pempho limodzi, kutanthauza ma adiresi 1,024 basi. Kwa amene watopa n'kudikira, njira yodalirika ndi tunnelbroker.net ya Hurricane Electric, kampani ya ku Fremont, California. Imakupatsani tunnel, njira yodutsitsa IPv6 mkati mwa IPv4 yanu.

Salipiritsa kanthu. Mukalembetsa mumasankha seva, ndipo kwa ife ya ku Johannesburg ndiyo yoyenera chifukwa ili pafupi. Amakupatsani ma /64 awiri (magawo a ma adiresi, kapena kuti ma subnet), ina ya tunnel ndi ina ya "routed", ndipo mukapempha amawonjezera /48, yomwe ili ndi ma subnet 65,536. Pa rauta ya MikroTik ntchito yake ndi yochepa: pangani interface ya 6to4, remote-address ikhale IPv4 ya seva yawo, local-address ikhale yanu. Ikani adiresi yothera ::2 pa tunnel, route ilozere ku ::1, kenako /64 ya "routed" muiike pa bridge ndi advertise=yes. Pa RouterOS 6, pulogalamu yoyendetsa MikroTik, yambani mwayatsa package ya ipv6. Pa 7 ilimo kale.

Pogona nkhani ndi apa. Tunnel imeneyi imayenda pa protocol 41, yomwe si TCP kapena UDP, ndipo ilibe ma port. CGNAT, imene makampani amagwiritsa ntchito pogawira makasitomala ambirimbiri adiresi imodzi, imadalira ma port pozindikira mwini paketi, choncho mayankho ochokera ku seva amasowa kolowera. Onani adiresi ya WAN (mbali yolumikiza ku intaneti) pa rauta yanu: ikakhala pakati pa 100.64.0.0 ndi 100.127.255.255, musadzivute, sizitheka. N'zomvetsa chisoni kuti a intaneti ya pa SIM, amene IPv6 ikanawathandiza kwambiri, ndi amene kawirikawiri amatsekeredwa kunja. Ngakhale muli ndi IPv4 yanuyanu, iyenera kuyankha ping, apo ayi tsamba lawo limakana kupanga tunnel.

MTU, malire a kukula kwa paketi imodzi, ndiyo imazunguza ambiri. Mutu wa IPv4 umadya mabayiti 20, ndiye 1500 imatsika kufika 1480. Ngati intaneti yanu ndi ya PPPoE (yolowa ndi dzina ndi password pa rauta) ikani 1472, kumbali yanu ndi pa tsamba lawo lomwe. Mukaiwala, ping imayenda bwinobwino koma masamba ena amangoima pakati potseguka. Musatsekenso ICMPv6, poti ndiyo imanyamula uthenga woti paketi yakula.

Netflix imaona ma adiresi amenewa ngati proxy ndipo imakana kuonetsa mafilimu. Port 25, yotumizira maimelo, ndi yotseka mpaka mutafika pa gawo la Sage m'mayeso aulere a IPv6 a Hurricane Electric.

Pophunzirira ndi poyesera maseva, chithandizochi n'chabwino zedi, koma ofesi isachidalire ngati IPv6 yochokera kwa kampani yake ya intaneti. Ndipo musanayatse advertise, ikani firewall ya IPv6 yokana zolowa zosapemphedwa: pano palibe NAT yobisa zipangizo zanu kuseri kwa adiresi imodzi, ndiye printa ndi makamera a CCTV zimafikirika kuchokera kunja mwachindunji.