Kunyanyala kapena kulimbikira: UNIP ndi PF

UNIP, chipani cha Kenneth Kaunda (KK) chomwe chinkalamulira Zambia, itagonja pa masankho a mu 1991 inatsala ndi mipando 25 pa 150 ya m'nyumba ya malamulo, ndipo 19 inali ya kuno kum'mawa. Kuyambira Chipata mpaka Lundazi anthu anakakamira Kaunda. Koma mu 1996, lamulo litamutsekera khomo loimira upulezidenti chifukwa makolo ake anachokera ku Malawi, chipanicho chinanyanyala masankho. Kwa ine, pamenepo chinadzikumbira chokha dzenje. Agogo anga chitenje cha nkhope ya KK akali nacho, koma masiku ano amamangira mtolo wa chinangwa.

PF (Patriotic Front), chipani cha Michael Sata, inayenda njira ina. Mu 2001 inangopata mpando umodzi wokha, anthu n'kumaseka. Sata anagwanso pa mpikisano wa upulezidenti mu 2006 ndi 2008, osabwerera m'mbuyo, mpaka mu 2011 analowa ku State House.