Bokosi la dayisi: la pulasitiki kapena la matabwa?

Amene mumasangalatsa ana ndi masewero a matsenga mukulidziwa bokosi lija la zipinda ziwiri ndi zitseko zinayi. Mumaikamo dayisi, n'kulipendeketsa, m'katimo n'kumveka kuti gwa! Ana amakuwa kuti dayisi yathawira chipinda chinacho, koma mukatsegula zitseko zonse mulibe kanthu, dayisi ili m'chipewa.

La pulasitiki loitanitsa pa intaneti ndi lotchipa, lopepuka, limakwana m'chikwama mukamakwera minibasi ya ku Area 25. Pamene limandikhumudwitsa ndi pa kaliridwe. Kachitsulo kotsetsereka kamene kamanamizira dayisi kamalira mofooka, moti pa phwando lina ku Kawale ana a kumbuyo sanamve chilichonse. Ndinatsegula zitseko onse ali duu, ndipo zinandipweteka mtima.

La matabwa limalira mpaka mzere womaliza kumva. Langa anandikhomera kalipentala wa ku Mchesi, la mlombwa. Tinabwereza kawiri, chifukwa chigoba cha dayisi, chomwe chimaoneka ngati dayisi yeniyeni koma m'kati mwake muli mphako, chimafuna muyezo weniweni: chikangothina pang'ono chimakanirira anthu akuona. Nthawi ya dzinja matabwa amafufuma, ndiye ndimapaka kandulo m'mphepete mwake.

Ine ndimanyamula la matabwa, ngakhale limalemera.