Longines Conquest V.H.P. ya 36mm, wotchi ya ife a mikono yoonda

Amene muli ndi mkono woonda ngati wanga mudziwa vuto lake, wotchi zambiri zolimba zimene amati za ma diver (za omira pansi pa madzi) zimapangidwa za 43mm kapena 44mm, ukaivala imasefukira mbali zonse ziwiri za mkono ndipo ukagwira chiwongolero imangogundagunda pa fupa. Ine ndimayendetsa motoka pakati pa Chipata ndi Mfuwe, kutenga alendo ndi katundu wa kumakampu, ndiye ndinali kufuna zinthu zitatu pa wotchi imodzi: ikhale yaing'ono, ikhale yosataya nthawi olo pang'ono, ndipo ikhale yolowa m'madzi bwinobwino. Ndikuuzeni kuyambira pano kuti zitatu zimenezi kuzipeza pamodzi ndi kovuta maningi, pafupifupi nthawi zonse uyenera kusiyapo chimodzi. Ine ndinasiya cha madzi ndi kutenga Longines Conquest V.H.P. (Very High Precision, kutanthauza yosataya nthawi) ya 36mm, yogwirako kale ntchito, mlamu wanga ndiye anandibweretsera kuchoka ku Johannesburg.

Poyamba tikambe za kusataya nthawi chifukwa apa ndi pamene ndalama zimapita. Pafupifupi wotchi ya batire iliyonse, olo ija yotchipa ya pa Kapata market, mkati mwake muli kamwala ka quartz kamene kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi imodzi, ndipo makina amawerenga kunjenjemera kumeneko ndi kusuntha muvi. Seiko ndi amene anayamba kugulitsa wotchi yotere ya pa mkono, Astron, mu December 1969. Zabwinobwino za Casio, Seiko ndi Citizen amalemba kuti zikhoza kutaya kapena kuthamanga masekondi 15 mpaka 20 pa mwezi, zimene sizoipa ai, chifukwa za makina zija zopanda batire olo zikhale ndi satifiketi ya COSC (bungwe la ku Switzerland loyesa wotchi) zimaloledwa kuchedwa masekondi 4 kapena kuthamanga 6 pa tsiku limodzi chabe. Koma mdani wamkulu wa kamwala kaja ndi kutentha ndi kuzizira. Kanadulidwa kuti kaziyenda bwino pa madigiri 25 kapena pafupi pamenepo, kukatentha kupitirira apo kamachedwa, kukazizira kamachedwanso, mbali zonse ndi kuchedwa basi. Pa madigiri 40 kuchedwako kumapitirira theka la sekondi pa tsiku. Manje ganizirani kwathu kuno, mu June m'mamawa pa Chipata mphepo yochoka m'mapiri imalowa mpaka m'mafupa, ndipo mu October ukatsika kuchigwa cha Luangwa madigiri 40 ndi nkhani ya masiku onse. Ikakhala pa mkono thupi limaithandizako, koma ambiri a ife timaivula ndi kuiponya pa dashibodi dzuwa lili pamutu.

Zimene amati high accuracy quartz, za batire zosataya nthawi kwambiri, zili ndi kachipangizo koyeza kutentha mkati, ndiye makina amawerengera okha kuti kamwala kachedwa bwanji ndi kubwezerapo. Longines pa mtundu wa V.H.P. uwu, umene unayamba kutuluka mu 2017 (dzinalo analiyamba kale mu 1984), amalonjeza masekondi 5 pa chaka. Pa chaka abale, osati pa mwezi. Grand Seiko ndi makina awo a 9F a mu 1993 amalonjeza 10, Certina ndi makina a Precidrive 10 nawonso, ndipo Citizen mu 2019 anatulutsa Caliber 0100 ya sekondi imodzi pa chaka koma mtengo wake tisaukambe. Yangayi kuchoka pamene ndinailinganiza ndi nthawi ya pa intaneti yapyola chisanu, yapyola kutentha kwa October, mvula yagwa yatha, sindinaikhudze ndipo ndikaiyang'ana pamodzi ndi foni muvi wa masekondi ufika pa 12 foni nayo ikusintha miniti. Chimenechi chimandisangalatsa zoona, sindibisa.

Ena amandifunsa kuti a dalaivala, masekondi 5 ndi masekondi 100 kusiyana kwake nkotani, ndege ya pa Mfuwe siidzakusiyani chifukwa cha miniti imodzi. Zoona, siingandisiye. Koma chimene ndinagula ndi mtima wokhazikika, kuti chinthu chili pa mkono panga ndichikhulupirira kopanda kufunsa foni. M'thengo muja netiweki imasowa, magetsi akazima maola ambiri foni imafa, ndipo pa geti ya paki ya South Luangwa nthawi yolowa ndi yotuluka samasewera nayo. Palinso china chimene anthu saganiza, kachitsulo kokonzera nthawi kaja ka pambali ndiko khomo la fumbi ndi chinyontho, ukamakakoka mwezi ndi mwezi timphira ta mkati timatha msanga. Iyi ili ndi kalendala yodziwa yokha mwezi wa masiku 30, wa 31, February ndi chaka chija cha 29, ndiye palibe chifukwa chokakokera chaka chonse. Pa msewu wa fumbi mu September chimenechi ndi chachikulu.

Mwina wina anena kuti bwanji osangotenga Casio ija imadzikonza yokha ndi wailesi, ya Multiband 6. Musataye ndalama pa chifukwa chimenecho, nsanja zotumiza nthawi zili ku Japan, China, America, Britain ndi Germany, kuno ku Zambia sizifika, ndiye ikabwera kuno ikhala wotchi wamba ya masekondi 15 pa mwezi. Za Bluetooth zidalira foni yomwe ija ndikuithawa. Za GPS monga Seiko Astron za masiku ano zigwira kulikonse koma zambiri ndi zazikulu, tabwereranso ku vuto la mkono.

Kavalidwe kake ndiye ndakakonda kopambana. 36mm pa pepala imaoneka ngati yachepa, ndipo m'masitolo ena size imeneyi amaiika mbali ya azimayi, koma pa mkono woonda imakhala pakati bwino, siikoka malaya, siigunda chitseko cha motoka ndikatulutsa dzanja. Pa nkhope pake pali 12 ndi 6 zikuluzikulu, deti pa 3, ndiye ukangoponya diso kamodzi uli pa chiwongolero wadziwa kale nthawi. Galasi ndi la sapphire, ndamangitsa katundu ndi zingwe, ndasintha matayala pa miyala, chitsulo cha m'mbali chili ndi timizere koma galasi likadali mbee. Usiku mivi imawala ndithu madzulo koma pofika mbandakucha kuwala kumakhala kutachepa, mivi yake ndi yoonda poyerekeza ndi ya ma diver, apo ndiye sinditama kwambiri.

Chimene chinandidabwitsa ndi chimene iwo amachitcha GPD. Wotchi ya batire ikagundidwa mwamphamvu kapena ikayandikira maginito amphamvu monga a sipika, mivi ikhoza kudumpha malo ake pamene makina mkati akuwerenga bwino. Iyi imadziwa pamene magiya ake ayenera kukhala ndipo imabweza mivi yokha pamalo pake. Kwa munthu woyenda pa mabampu tsiku ndi tsiku, kapena anzathu a pa honda opita ku Chadiza ndi Vubwi, ichi ndi chinthu chenicheni cha ntchito osati chokongoletsa. Kachitsulo ka pambali nakonso ndi ka magetsi, ukakazunguza msanga muvi umadumpha ola lathunthu masekondi osasokonezeka. Kuno sitichifuna kwambiri chifukwa ukaoloka pa Mwami kupita ku Mchinji ndi Lilongwe, olo pa Chanida kulowa mu Mozambique, nthawi ndi imodzimodzi, koma amene mumakaoda katundu ku Tunduma ndi Dar es Salaam kumene ali patsogolo ndi ola limodzi chikuthandizani. Pamafunika kuzolowera, dzanja lozolowera wotchi wamba limazunguza mopupuluma ndiye umangoona ola ladumpha.

Tsopano pamene ndinagonja. Iyi si diver. Pambuyo analemba 5 bar, ndiye kuti 50m, ndipo musanamizidwe ndi nambala imeneyo kuti mukhoza kumira nayo mamita 50, tanthauzo lake ndi mvula, kusamba m'manja, kutsuka motoka, kusambira pang'ono pamwamba mwina. Diver yeniyeni itsata muyezo wa ISO 6425, iyambira pa 100m kupita m'mwamba, ili ndi mkombero wozungulira mbali imodzi wowerengera maminiti, ndipo zambiri kachitsulo kake kamamangidwa ngati bawuti. Yanga ilibe zonsezi. Ndinaganiza nthawi yaitali ndisanavomere, kenako ndinadzifunsa kuti kodi ine ndimira kuti? Mu Luangwa muli ng'ona ndi mvuu, palibe munthu wanzeru zake amaponyamo mwendo. Nyanja ya Malawi ku Senga Bay ndimafikako mwa apo ndi apo ndipo ndimangoima m'madzi ofika m'chiuno. Madzi anga enieni ndi mvula ya mu January ndi thukuta, ndipo 50m ikwanitsa zimenezo. Mkombero wowerengera maminiti wokha ndi umene ndimaulakalaka, ndi wothandiza pofuna kudziwa kuti wayenda nthawi yaitali bwanji kuchoka pamene unaima.

Lamba wake wa chitsulo ndi wokongola koma chomangira chake chilibe timabowo tosunthira pang'ono, ndiye mkono ukatupa ndi kutentha kwa kuchigwa umathina, ukaonjezera kachidutswa kamodzi m'mamawa kukuzizira imakhala lendelende. Ine miyezi yotentha ndimaika lamba wa nayiloni, wa chitsulo ndimabwezera mu May. Wa chikopa musayese kuno, thukuta liwononga msanga ndipo fungo lake silipiririka.

Ngati inu madzi ndi ofunika zoona, mwina ntchito yanu ndi ya pa damu kapena mumasambira kwambiri, siyani za masekondi 5 zija mutenge Citizen Promaster Eco-Drive ya 37mm, ndi diver ya 200m, imadya kuwala kwa dzuwa kumene kuno tili nako kochuluka, ndipo masekondi 15 pa mwezi mukhoza kukhala nawo. Marathon ali ndi ya 36mm ya 300m yokhala ndi timachubu ta tritium towala tokha usiku wonse, ndi yonenepa koma yaifupi pa mkono. Zimene zili ndi zonse ziwiri, kumira ndi kusataya nthawi, monga Sinn UX yodzaza mafuta mkati ija kapena diver ya Grand Seiko ya 9F, zili pa 43mm ndi 44mm, ndi za anthu a mikono yawo. Pakatikati pali Certina DS Action za Precidrive zimene zina zili chakuma 40mm, mkono wanu ukakhala wapakati yambani mwayang'ana kumeneko. Ndipo amene thumba lavuta, Casio Duro ya 200m ndi wotchi yabwino zedi pa ndalama yake, vuto ndi 44mm yomweyo.

Za mtengo, olo yogwirako kale ntchito inandidyera ndalama imene ikanagula matumba angapo a feteleza, ndipo amayi a kunyumba tinakambirana kaye ndisanatumize. Chenjerani ndi zabodza, mayina a ku Switzerland amakoperedwa kwambiri ndipo pa Facebook pali ogulitsa ambiri amene aika chithunzi cha yeniyeni ndi kutumiza ina. Njira yosavuta yoyesera V.H.P. ndi kachitsulo kaja, yeniyeni mivi imayenda yokha ndi mota ukakazunguza, yabodza umamva kuti dzanja lako ndilo likukoka magiya. Funsani kabokosi, kadi ndi nambala ya pambuyo musanalipire.

Batire amati imakhala zaka pafupifupi 5 ndipo ikayamba kutha muvi wa masekondi umayamba kudumpha kuti ikuchenjezeni. Pamenepo musaipereke kwa munthu wotsegula ndi mpeni pa tebulo la m'mbali mwa msewu. Kuno ku Down Shops alipo okonza wotchi a manja abwino, koma makina oyezera ngati madzi salowa pambuyo potseka ine sindinawaone, ndiye yanga nthawi yake ikakwana idzabwerera ndi mlamu ku Johannesburg kuti akasinthe batire pamodzi ndi kamphira ka pa chivundikiro, ndipo masabata amenewo ndidzavala Casio yanga yakale.